Ndinkaika mankhwala a galu padzuwa

Inu owerenga, ine ndinapha galu wa amuna anga osamukhudza n'komwe, ndipo mpaka lero iwo sakudziwa.

Ndale za zipani zambiri zinali zitangoyamba kumene, ife tili ndi kagolosale ku Lisungwi. Amuna anga anali ndi galu wawo, Tilipo, amene anamulera tisanakwatirane. Galuyo atakalamba anayamba kumwa madzi osakhuta, kukodza pafupipafupi ndi kuwonda. Dokotala wa ziweto, mtsikana wongochoka kumene kusukulu, anamuyeza mkodzo n'kunena kuti ndi matenda a shuga. Ine ndinaseka. Galu naye kudwala matenda a mabwana?

Mtsikanayo ankabweretsa kabotolo ka mankhwala kuchokera ku Blantyre. Anawaphunzitsa amuna anga kubaya jekeseni kawiri pa tsiku, galu atadya kaye, ndipo anati kabotoloko kazikhala m'filiji yathu ya palafini chifukwa kutentha kumapha mphamvu yake. Lachitatu lililonse ankafika pa njinga yamoto, iye ndi amuna anga n'kugwada pakhonde mitu pamodzi, akuwerenga timizere ta pajekeseni uku akuseka. Ine nditadwala malungo, amuna anga sanakumbukeko nthawi ya mapiritsi anga, koma ya galu sankaiphonya. Nsanje inandidya, sindibisa.

Mwezi wa Okutobala, iwo akangopita kumunda, ndinkatulutsa kabotolo kaja n'kukaika pazenera dzuwa likuswa mtengo, kenako n'kukabwezera asanafike. Ndinkafuna mankhwala alephere, mtsikanayo aoneke mbuli, asiye kubwera. Za galuyo sindinaganizeko.

Tilipo anachita khungu, kenako anasiya kudya. Dokotala uja anafunsa ngati filiji inazimapo, ndipo ndinathamangira kuyankha ndine kuti sinazimepo. Anawonjezera mlingo koma sizinathandize. Galu anafa, mtsikanayo anasiyadi kubwera. Pambuyo pake ndinamva kuti nthawi yonseyo anali ndi bwenzi lake, mphunzitsi wa ku Magaleta, ndipo chinkhoswe chinali chitachitika kale.

Amuna anga sanadzudzule munthu. Anangoti, "Ndine ndinkalakwitsa poyeza, mayi. Maso angawa." Sanawetenso galu wina.

Inu owerenga, nsanje ikakugwirani funsani mnzanuyo maso ndi maso, ngakhale mukangane. Musakabwezere pa cholengedwa chodwala chimene sichingathe kukunenerani. Chaka chatha amuna anga nawonso anawapeza ndi shuga, ndipo amakana kudzibaya okha. M'mawa uliwonse amandipatsa ine jekeseni kuti ndiwabaye, amati pakhomo pano wodalirika pa mankhwala ndine ndekha.