Mwaye wa pa Kanyumba ka Apolisi

M'mbali mwa msewu wolowera pa Boma la Dedza muli kanyumba ka njerwa komwe apolisi a nthawi ya atsamunda ankaimbiramo foni. Anthu anakaiwala kalekale, koma a Magadalena akalambira pakhoma pake akugulitsa mbatata ya kachewere. Amuna awo, a Kalisto, ankaotcha chimanga pomwepo pobisala mphepo, mpaka khomalo linada bii. Bambowo atamwalira, mbaula inagulitsidwa, malaya anagawana achibale. Chomwe chinatsala ndi mwaye wa pakhomapo, ndipo mayiwo ankakhala moyang'anana nawo.

Chaka chatha kunabwera anthu osamala zinthu zakale. Anati kanyumbako ndi chuma cha dziko, ndipo adzakatchinga ndi waya.

"Amayi, mungatikwechereko litsiro ili tisanapake laimu?" anafunsa mkulu wawo.

A Magadalena anavomera, poti kukana sanakuzolowere. Anatunga madzi, natenga mchenga ndi chisanza. Pofika masana njerwa zonse zinkaoneka. Anasamba m'manja, madzi akudawo nakawataya m'ngalande, kenako anasamutsira beseni lawo kutsidya kwa msewu, kopanda chotchinga mphepo. Wogula wina atafunsa mtengo, anamuyankha.