Chigwembe cha kuseri kwa nyumba ya agogo

Ndikawaganiza agogo anga aamuna, a Thomu, chimayamba kundifika ndi fungo la dothi lofiira lonyowa, lomwe linkakanirira m'zikhadabo mwawo ndi pa jekete lomwe anabwera nalo kuchokera kumigodi ya ku Joni. Tinkakhala kwa Kanduku, m'munsi mwa mapiri awiri, masiku amene munthu wopanda khadi la chipani sankalowa mumsika. Kuseri kwa nyumba kunali chigwembe. Amayi ankati chinayamba ngati kanjira ka mbuzi kotsika phiri molunjika, koma ine ndinachipeza chikumeza munthu woimirira.

Mitambo ikangoda cha ku Zobue, agogo sankakhazikika. Ankasiya chakudya m'mbale, kuzungulira nyumba, kusuzumira kuphompho, kubwerera, kupitanso. Ankaponyamo miyala, nthambi, ngakhale mitondo yosweka. Madzi ankatenga zonse.

M'mphepete mwa chigwembecho munali mtengo wa manachesi womwe anadzala malemu agogo aakazi. Mizu yake itayamba kulendewera m'malere, agogo anaumangirira ku mtengo wa mango ndi chingwe cha khonje. Masana ena kunagwa mvula yamkuntho, ndipo tinamva chingwe chikulira, kenako chiphokoso ngati khoma lagwa. Agogo anatsikira m'chigwembemo madzi asanaphwe, amayi akukuwa: "Ababa, tulukani! Mutisiyira maliro!" Anatuluka matope mpaka m'chiuno, atanyamula manachesi osapsa m'chipewa. Tsiku limenelo sanadye.

M'mawa mwake anakwera phiri, ine pambuyo. Kumtunda, pomwe madzi a mapiri awiriwo ankakumana, kunali munda wa a Sandalamu, mizere yake yoloza kumunsi, mitengo yonse itathera ku makala. Awiriwa sankalankhulana chikanganirane za malire a minda.

"Mwadzatani kuno, a Thomu?" anafunsa a Sandalamu, khasu lili m'manja.

"Ndatopa kulimbana ndi madzi atakula kale. Amabadwira m'munda mwanumu. Ndiloleni ndiwagwire akadali aang'ono."

"Mukufunanso munda wanga?"

"Munda wake uti? Nthaka yanu yonse yadutsa kuseri kwa nyumba yanga."

A Sandalamu anayang'ana chimanga chawo chachikasu, chomera pakati pa miyala. "Nsungwi zili kudimba," anatero. "Kaduleni nokha."

Chilimwe chonse awiriwo anakhoma zikhomo za nsungwi, kuyala miyala mopingasa, kutembenuza mizere, kudzala khonje, akukanganabe. Chigwembe sichinatsekeke, koma chinaleka kuyenda. Nyumba tinasamukamobe, poti khoma lakumbuyo linali litang'aluka kale.

Chaka chatha amuna anga anandionetsa malo oti timangepo ku Bangwe, pamtsetse pooneka tawuni yonse. Ine sindinaimepo n'komwe. Ndinavula nsapato n'kuyamba kukwera phiri.

"Amake Chisomo, mukupita kuti? Malo ndi anotu!"

"Ndikukaona komwe madzi ake amachokera."

Nditatsika, sitinamangepo.