Chifuwa cha Ama ndi mapapo a mbuzi

Ndikukumbukira kuti chifuwa cha amayi anga chinayamba m'nyengo ya mwera, pamene pafupifupi aliyense ku Nkhata Bay amakhala akutsokomola. Ndinali mu Sitandade 5. Tinkakhala pamtunda, m'mbali mwa njira yopita ku Chikale, ine, mlongo wanga wamng'ono Wongani, ndi makolo athu. Kwathu sitinena kuti mayi ndi bambo, timati Ama ndi Ada, ndipo ndiwatchula choncho chifukwa mayina enawo sakhala bwino pakamwa panga. Ada anali kalaliki pa boma. Ama ankagulitsa usipa wouma ndi ufa wa chinangwa wa kondowole pamsika.

Mwera unatha, anzawo onse apamsika analeka kutsokomola, koma Ama sanaleke. Chinali chifuwa chouma, chachifupi, chobwerabwera. Chitunda chochokera kumsika kufika kwathu ankachikwera kale ndi dengu pamutu, akuyimba nyimbo za kumpingo osapumira. Tsopano anayamba kuima pakati panjira, dzanja lili m'nthiti. Ndikawafunsa ankati, “Ndikuona nyanja.” Ine ndinkadabwa kuti munthu wobadwira pa nyanjayo wayamba liti kufuna kuiona kawiri katatu pa ulendo umodzi.

Tsiku lina ndikuchapa ndinapeza timadontho tofiirira pa kansalu kawo kopukutira kukamwa. Ndinakaonetsa Ada, ndipo m'mawa mwake anapita nawo kuchipatala. Anawayeza makhololo katatu osapezamo kanthu. Komabe munthu wotsokomola miyezi, woonda, wolavula magazi, aliyense akanaganiza za chifuwa chachikulu cha TB, ndipo mpaka lero sindiimba mlandu munthu. Anawayambitsa mankhwala a miyezi isanu ndi umodzi.

Ama anali munthu wosunga malamulo mopitiriza muyezo. Atamva kuti TB imapatsirana, anasamukira m'kachipinda kakumbuyo komwe tinkasungiramo chinangwa chouma, momwe munali fungo lowawasa lija lomwe limakakamira zovala. Pa chogwirira cha kapu yawo anamangapo ulusi wofiira. Mbale yawo inkatsukidwa payokha, n'kuyanikidwa payokha. Tikafuna kulankhula nawo tinkaima pakhomo, iwo ali pamphasa mkati, nkhope atayang'anitsa kuwindo.

Chimene chinandiwawa kwambiri chinali tsitsi. Loweruka lililonse masana Ama ankandikhazika pakati pa miyendo yawo n'kundiluka ndi ulusi wakuda, akukoka mpaka nsidze zanga kukwera m'mwamba. Ndinkalira nthawi zonse, ndipo nthawi zonse ankati kukongola kulibe chisoni. Atadwala anati sangandipumire m'mutu. Ada ndiwo anatenga udindowo, ndipo njira yawo inali imodzi yokha, sizasi. Ankameta monga ankalembera m'mabuku a ku ofesi, mosamala kwambiri, lilime lili panja, koma mutu unkatuluka wa mabwalomabwalo. Ndinkapita kusukulu nditavala kachipewa ka Wongani mpaka aphunzitsi atandivula.

Kusukuluko nkhani inali itafika kale. Mnzanga Tiwonge, amene tinkakhala desiki imodzi kuyambira Sitandade 1, anasamukira kumbuyo. Anandiuza mosabisa kuti amayi ake anena kuti si TB yokha, n'kachilombo kaja kamene anthu masiku amenewo ankakatchula monong'ona. Kutchalitchi ndinamva azimayi awiri akunena zina, kuti Ama analodzedwa ndi mayi wina wogulitsa tomato pafupi ndi benchi yawo, chifukwa cha nsanje ya makasitomala. Mayiyo ndinkamudziwa bwino, ankandipatsa nthochi ndikapita kumsika. Ndinaleka kumupatsa moni. Choncho m'mutu mwanga Ama ankadwala matenda atatu nthawi imodzi, ndipo panalibe wamkulu amene anandikhazika pansi n'kundiuza kuti enieni ndi ati. Ana sitinkafunsa. Tinkangotola mawu ogwa pakamwa pa akuluakulu n'kumawalumikiza tokha.

Mankhwala anatha ndili mu Sitandade 6, koma Ama anali ataonderatu, chitenje chikuwazungulira kawiri. Anawatumiza ku Mzuzu kukajambulidwa m'chifuwa. Ndinawaperekeza pokwerera minibasi, ndipo anakana kukhala pakati pa anthu, anadikira ina kuti apeze mpando wapawindo. Ku Mzuzu anaona chotupa m'phapo lakumanzere n'kuwatumizanso ku Blantyre. Kumeneko anawachotsa kachidutswa kakang'ono kuti akakayeze. Anabwera ndi pulasitala m'nthiti, ndipo tinadikira masabata angapo Ada asanaitanidwe kukamva zotsatira.

Atabwerako, Ada anakhala pakhonde ndi asibweni, ndiye kuti mlongo wawo wamkulu wa Ama, a Manda. Iwowa anagwira ntchito m'zipatala zing'onozing'ono zaka zambiri asanapume, ndipo tauni yonse inkawatcha adokotala. Ine ndinali kuseri kwa nyumba ndikusenda chinangwa, makutu ali kukhonde. Ada anatulutsa pepala, n'kunena motsitsa mawu.

“Alamu, si TB. Akuti sakoma.”

Mpeni unaima m'manja. Kunyumba tinkalankhula Chitonga, koma Chichewa ndinali nditachiphunzira bwino kusukulu, ndipo mawu akuti sakoma ndinkawadziwa. Ndiwo zopanda mchere sizikoma. Munthu woipa mtima sakoma. Ndiye madokotala a ku Blantyre atayang'ana mkati mwa Ama anapeza kuti sakoma? Kapena kachidutswa kaja anakalawa? Masiku atatu ndinayenda ndi mkwiyo umene sindinkadziwa poutula. Ndinkawayang'ana Ama ali pamphasa yawo, n'kumafunafuna pamene pawaipira.

Tsiku lachinayi ndinakumana ndi asibweni panjira ndikuchokera kusukulu, ndipo ndinalimba mtima.

“Asibweni, chifukwa chiyani akuti Ama sakoma?”

Anayamba kuseka mpaka kutsamira ndodo yawo, kenaka ataona nkhope yanga analeka.

“Lusungu, palibe amene wakufotokozera?”

“Palibe.”

“Ndi dzina la matenda limenelo, la chizungu. Ndibwera mawa. Uwauze abambo ako asachoke.”

M'mawa mwake, Loweruka, anafika ndi phukusi lokulunga m'nyuzipepala, likudontha. Anali atadzera kwa ogulitsa nyama n'kugula mapapo a mbuzi, athunthu, ndi kholingo lake lomwe. Anawaika pa thireyi pakhonde, n'kuitana tonse. Ama anafuna kukhala patali monga mwa chizolowezi, koma asibweni anawauza kuti asendere. Anathyola phesi la papaya, n'kulilowetsa m'kholingo muja, n'kuuzira. Mapapo aja, amene anali ofota ngati nsanza yonyowa, anatukuka n'kuyera, ngati mbuziyo yayambanso kupuma. Wongani anathawa mpaka kwa aneba. Ine miyendo inafuna kumutsatira, koma ndinakhala.

Anatenga mpeni n'kucheka. Anationetsa timapaipi toyera togawikagawika, n'kunena kuti mpweya umadutsa m'menemo. Anati khansa ya m'mapapo imene madokotala anaizolowera imayambira pa kakhungu ka mkati mwa timapaipi timeneto, ndipo kawirikawiri imagwira anthu osuta fodya. Kenaka anakanula nyamayo ndi zala pang'onopang'ono, ndipo panaoneka timaulusi toyerayera tokana kuduka.

“Mukuona iti? Ntchito yake si kupuma ayi. Ndito timamanga phapo kuti likhale chinthu chimodzi, pamodzi ndi mitsempha ndi timinofu take. Matenda a mlongo wanga ayambira m'menemu. Khansa yoyambira m'zomangira thupi zoterezi ndiye imatchedwa sakoma. Imakonda kutuluka pamwendo kapena pamkono. M'phapo siipezekapezeka. Ine zaka zonse ndagwira ntchito sindinaionepo.”

Ndinayang'anitsitsa timaulusi tija. Kunena zoona sindinaone kusiyana kwake ndi nyama inayo. Zonse zinali zonyowa, zonunkha mbuzi, ndipo ntchentche zinali zitayamba kubwera. Ndinagwedeza mutu chifukwa Ada anagwedeza.

“Koma mkazi wanga sanasutepo,” anatero Ada.

“Imeneyi siidikira fodya, alamu.”

“Nanga ndi utsi wa nkhuni? Kapena fumbi la ufa lija pamsika?”

“Sindikudziwa.”

“A ku Blantyre aja sanalembe?”

“Nawonso sakudziwa.”

Apa ndiye ndinasokonezeka kuposa poyamba. Ndinali ndisanamvepo asibweni akunena kuti sakudziwa kanthu. Ankadziwa dzina la fupa lililonse, ankadziwa chifukwa chake nkhungu, tizilombo ta m'nyanja tija, zimauluka. Ndinkayembekeza kuti matenda akapeza dzina, apezanso mwini wake, munthu kapena chinthu choti tiziloza chala. Azimayi a kutchalitchi aja anali ndi yankho lathunthu. Adokotala athu anali ndi dzina lokha.

Nthawi yonseyi Ama sanafunse ngati achira, sanafunse za opareshoni imene Ada anati ikukonzedwa. Atatsokomola anapukuta kukamwa, n'kufunsa funso limodzi.

“Achimwene, kodi ndingawapatsire ana?”

“Ayi.”

“Ngakhale pa kapu?”

“Ngakhale utawatsokomolera m'maso. Siipatsirana.”

Ama anayang'ana kachipinda ka chinangwa kaja nthawi yaitali. Anali atakhalamo pafupifupi chaka. Ndinaganiza kuti alira, kapena akalipa, koma anangotembenukira kwa ine n'kundiyang'ana m'mutu.

“Mwanayu mwamuononga, a Chirwa,” Ama anawauza Ada. “Lusungu, katenge chipeso ndi ulusi.”

Tsitsi langa linali lalifupi, losagwirika, Ada anali atalimeta sabata ziwiri zapitazo. Ama sanasamale. Anandikhazika pakati pa miyendo yawo, maondo awo owonda akundibaya m'mapewa, n'kuyamba kutola tsitsilo ndi nsonga za zala. Ankapuma movutika, ndipo mpweya wawo wofunda unkandifika pakhosi. Ankaima kawirikawiri. Zimene kale ankamaliza mu ola limodzi zinatenga masana onse, ndipo zinatuluka timinyanga tokhotakhota timene Lolemba anzanga anatiseka. Anakoka monga kale, ndipo kanali koyamba kuti ndisalire.

Mapapo a mbuzi aja Ada anati sangatayidwe. Anawakazinga okha ndi anyezi, koma panalibe wina amene anatambasula dzanja. Anadya okha, pang'onopang'ono, akutiuza kuti tikuphonya zabwino.

Opareshoni inachitikadi. Anachotsa chigawo cha m'munsi cha phapo lija, ndipo Ama anabwera ndi chipsera chachitali chozungulira m'nthiti, chimene ankandilola kupakapo mafuta. Ananenepako, anabwereranso pamsika, ngakhale dengu ankawasenzera ena. Mmodzi mwa owasenzerawo anali mayi wa tomato uja. Tsiku limene ndinamuona akukwera chitunda chathu ndi katundu wa Ama pamutu, ndinagwada n'kumupatsa moni. Anangoti, “Wakula, Lusungu,” osafunsa kuti mawu anga anali kuti chaka chonse. Tiwonge naye anabwerera pa desiki yathu, ngakhale nditamuuza dzina la matendawo anati ndikunama.

Ine ndinali ndi chikhulupiriro chonse kuti chotupa chikachotsedwa nkhani yatha. Palibe amene anandiuza kuti khansa imabwereranso. Inabwerera ndili mu Sitandade 8, ndipo ulendo uno sinachedwe. Ama anamwalira miyezi iwiri mayeso asanayambe. Pamaliro pawo ndinamvabe anthu akunong'onezana, wina TB, wina kachilombo, wina ufiti. Ndinafuna kuimirira n'kuwafotokozera za timaulusi tija, koma ndinazindikira kuti nanenso sindikanatha kuyankha funso lachiwiri, loti nanga inayamba chifukwa chiyani.

Masiku ano zinthu zasintha. Mawu akuti khansa anthu amawatchula mokweza, ngakhale mu minibasi. Makina oyezera TB amapereka yankho msanga. Mwana wa msinkhu umene ndinali nawo angathe kutenga foni ya mayi ake n'kuwerenga yekha dzina la matenda aliwonse, ngakhale sindikudziwa ngati akatero amagona bwino kuposa ife. Ine ndinawerenga nditakula, ndipo ndinapeza kuti asibweni sananame pa chilichonse, ngakhale pamene anati sakudziwa. Ana anga awiri ndimawauza zonse wina akadwala pakhomo, mwina mopitiriza, moti wamkuluyo amati ndimaphunzitsa ngakhale chimfine.

Chaka chatha ndinapita kuchipatala kukayezetsa kuthamanga kwa magazi. Dokotala wake anali wachinyamata, wothamanga ndi cholembera. Anafunsa ngati makolo anga alipo, ndipo nditanena kuti amayi anamwalira anafunsa kuti ndi chiyani. Ndinamuuza. Anasiya kulemba, n'kundiyang'ana.

“Sakoma ya m'mapapo? Mukutsimikiza, mayi?”

“Ndikutsimikiza.”

“Imeneyo ndinangoiwerenga m'buku kusukulu,” anatero. Anaika cholembera pa tebulo, n'kukankhira mpando wake kumbuyo. “Inayamba bwanji?”

Panja panali mzere wautali wa anthu, ndipo ndinkadziwa kuti akung'ung'udza. Koma kuchokera pamene Ama anamwalira, munthu wa chipatala anali asanandifunsepo zimenezo. Ndinaika chikwama changa pansi, ndipo ndinamufotokozera zonse, mosafulumira.