Kadi Imene Inasiya Mawu M'mbuyo

Fakitale ya nsalu itatichotsa ntchito, ndinakhala miyezi yambiri ndikungoyendayenda. Mkazi wanga anali atamwalira chaka chapitacho, ndipo m'nyumba simunkakhalika. M'mawa ndinkapita ku msika, kuchoka apo ku sitesheni ya sitima, kenako pa msewu wa ku Lusaka kukaona maminibasi akudzaza. Katundu wakale wochokera kunja anali paliponse masiku amenewo: zovala, mawailesi, makompyuta. Aliyense mu Kafue ankagulitsa kanthu. Ine ndinalibe chogulitsa.

Ntchito ndinaipeza pa ukwati wina ku tchalitchi kwathu. Wojambula vidiyo, Ba Chanda, ankalimbana ndi waya amene anthu ankangomuponda, ndipo ine ndinamunyamulira m'mwamba mpaka mwambo unatha.

"Ba mudala, manja yanu sianjenjemera," anatero. "Musebenza kuti?"

"Kulibe."

"Bwerani pa Mande."

Ba Chanda anali wamng'ono kwa ine, wa mpingo wa Pentekosite, wolankhula mofulumira ndiponso wosakhala pansi. Anali ndi kachipinda kuseri kwa mashopu. Anandiphunzitsa kuimika kamera pa miyendo yake itatu, kutchaja mabatire, ndi kupukuta mitu ya deki, makina oonetsera ndi kukopera matepi, ndi kansalu konyowa ndi sipiriti. Kale iye ankangokopera tepi ya mu kamera kupita pa tepi yaikulu ya VHS. Tsopano anali atagula kompyuta yakale, ndipo ankafuna kuti zithunzi zizilowa m'menemo, azidula zoipa, aziika malembo ndi nyimbo, ndiye zizituluka kupita ku deki. Chosowa chinali kadi ya zithunzi, kabolodi kamene amakalowetsa m'mimba mwa kompyuta kuti ilandire ndi kuonetsa vidiyo.

Tinakwera minibasi kupita ku Lusaka. M'shopu ina ya makompyuta, wogulitsa anatiikira makadi awiri patebulo. Yoyamba inali m'bokosi lokongola, ili ndi fani yakeyake, ndi bowo lolowetsera waya wa chithunzi. Mawu ankayenera kulowera pa bowo lina la kompyuta. Yachiwiri inali yaitali, yogwirapo kale ntchito, yopanda bokosi, koma inali ndi mabowo a chithunzi ndi a mawu pamodzi.

"Iyi yachiwiri ndiye amatenga anthu a matepi," anatero wogulitsayo. "Koma malembo siizungulutsa bwino."

Tinali titanyamula kamera. Tinayesa kadi yoyamba ndi kachigawo kafupi ka mkwatibwi akulowa m'tchalitchi. Chithunzi chinatuluka choyera, ndipo maina a akwati anabwera akugubuduzika ngati osemedwa pa thabwa, akunyezimira. Ba Chanda anaomba m'manja. Inenso ndinakondwera nawo. Tinatenga imeneyo.

Ntchito zoyamba zinali zazifupi ndipo zinayenda bwino. Kenako tinaitanidwa ku maliro a bambo wina wa ku tchalitchi kwathu. Kwawo kunali ku Malawi, ndipo amayi awo okalamba sanathe kubwera. Amene anabwera m'malo mwawo anali amalume a malemuyo, a Mwale. Iwo anatiuza kuti tisadule mwambo uliwonse, chifukwa agogowo anali asanaonepo mpongozi wawo, amake Dalitso. Mwana wawo anakwatira kuno, ndipo ulendo wokaonetsa mkazi kumudzi unkangosunthidwa. Nkhani ya ana ndi ya kumene mayiyo adzakhale inkayembekeza mawu a agogowo.

Ndinajambula ndine, kuchokera ku nyumba ya siwa, ku tchalitchi, mpaka kumanda. Ba Chanda analowetsa zonse mu kompyuta kamodzi, naika chithunzi cha malemu kumayambiriro ndi dzina lawo likuzungulira. Tinaonera poyambira pokha. Panali bwino.

A Mwale anabwera m'mawa wa tsiku lawo lonyamuka, chikwama chili m'manja. Ankafuna kukagwira basi ya ku Chipata ku Lusaka madzulo ake. Anati tiwaonetse poika nkhata, popeza ndi pamene banja lonse limaoneka, aliyense akuitanidwa ndi dzina.

Ba Chanda anathamangitsa tepi mpaka kumanda. Pa sikirini amake Dalitso anafika pa mtumbira atagwiridwa mbali zonse, nagwa ndi nkhata yawo, koma mawu anali akadali a nyimbo. Atawachotsa, kunabwera mayi wina woimira anzawo a malemu a kuntchito, wovala magalasi akuda ndi nsapato zazitali. Anaika nkhata ndi dzanja limodzi, natembenuka msanga. Pomwepo mawu a mkulu wa mpingo anamveka: "Mkazi wa malemu aike nkhata yake."

A Mwale anaika chikwama pansi.

"Bwezani," anatero. Tinabweza, ndipo zinatuluka chimodzimodzi. "Ndiye mlongo wanga akaone zimenezi? Akati mwana wake anakwatira ameneyu, wa maso ouma? Ine ndikalongosola pakamwa, koma iye akakhulupirira zimene waona."

Ba Chanda anatsegula ntchitoyo mu kompyuta, nakoka mzere wa mawu kuti ufanane ndi nkhata. Pamenepo panagwirizana, koma titabwerera ku ulaliki, abusa ankamveka akulalikira pamene pa sikirini anali asanaimirire. Patapita masiku ndi pamene wogulitsa uja anatifotokozera. Kadiyo ikalemedwa inkataya tizithunzi tina apa ndi apo, pamene mawu, olowera njira yawo, ankalowa onse. Pa kachigawo kafupi sizinkaoneka. Pa maliro athunthu chithunzi chinkathawa, mawu n'kutsala m'mbuyo.

Kukonza kunkafuna kudula zonse m'zidutswa, kulinganiza chilichonse pachokha, ndi kudikira kompyuta iziphatikize. Dzuwa linali likukwera. Ba Chanda ankazungulira m'kachipindako akupemphera chamumtima, milomo ikugwedera. Ine ndinkangotuluka kukaima pakhomo n'kulowanso, osadziwa choti ndigwire.

"Kodi musanagule makinawa munkatani?" anafunsa a Mwale.

Ba Chanda anazula mawaya ku kompyuta yake, naalumikiza kuchokera ku kamera kupita ku deki.

"Ba Phiri, letani tepi yanyowani," anandiuza. "Izankhala ilibe malembo, ba uncle. Ilibe na nyimbo."

"Nyimbo anaimba anthu," anatero a Mwale.

Kukopera kotereku sikufulumizika. Maliro akatenga theka la tsiku, tepinso imatenga theka la tsiku. Tinakhala atatu pa benchi, tikuikanso m'manda munthu yemwe uja. Zolakwa zanga zonse zinatuluka: pamene kamera inaloza pansi n'kujambula nsapato za anthu, ndi pamene ndinaiwala kuti maikolofoni ili pafupi ndi pakamwa panga, liwu langa n'kukwirira kwaya. Kunja makondakitala ankaitana a ku Lusaka, ndipo minibasi iliyonse ikanyamuka a Mwale ankayang'ana ku zenera. Ba Chanda anawapempha kuti tidumphe ulaliki. Anakana.

Titafika kumanda, tonse tinaimirira. Mkulu wa mpingo anaitana mkazi wa malemu, ndipo amake Dalitso ndi amene anabwera, atagwiridwa mbali zonse. A Mwale anapukuta kumaso ndi chipewa. Tepi itatha anaikulunga m'malaya, ndipo ine ndinathamanga patsogolo ndi chikwama chawo kukaimitsa minibasi. Basi ya tsikulo anaiphonya, anagona ku Lusaka, koma tepi imene anapita nayo inali yoona.

Sabata yotsatira tinabweza kadi ija, n'kutenga yaitali yopanda bokosi. Malembo ake ankangoima chilili. Tisanachoke nayo m'shopu tinalowetsa tepi yathunthu, wogulitsa akudandaula kuti tamutsekera tebulo, ndipo tinayamba kuonera kumapeto. Mpaka lero, munthu akandifunsa kadi yoti agule, ndimamuuza kuti aiyese ndi ntchito yake yaitali kuposa zonse, ndipo akaone pamene anthu akuitanidwa maina.