Migolo Pamwamba pa Madengu

Achinyamata a pa Kachulu amakonda kunena kuti boti la alamu anga linagubuduzika chifukwa cha mwera. Ena, amene nthawiyo anali asanabadwe n'komwe, amawonjeza kuti alamuwo anali ataledzera. Zonsezi n'zabodza. Tsikulo kunali kamphepo kochepa chabe, ndipo alamu anga anali Msilamu amene sanalawepo mowa. Ine ndinalipo, ndipo mwa onse amene anaima padoko, ndine ndekha amene ndinapondako ku sekondale.

Alamu angawo, amuna a mlongo wanga, anagwira ntchito zaka zambiri ku migodi ya ku Joni. Zonse zimene anabwera nazo zinathera pa boti la matabwa lowolotsa anthu ndi katundu kupita ku chilumba cha Chisi. Munda wodalirika analibe. Botilo ndilo linkadyetsa mlongo wanga ndi ana ake. Ine ndinkaphunzitsa pasukulu yapafupi, ndipo Loweruka ndinkapita kukathandiza kupakira.

Padokopo katundu sankapakiridwa potsata kulemera kwake, koma potsata ulemu wa mwiniwake. Wa anthu wamba unkayamba kulowa n'kukhala pansi, pomwe pamasonkhana madzi olowera m'ming'alu. Wa akuluakulu unkakhala pamwamba kuti usanyowe, ndiponso kuti uyambe kutsitsidwa. Mwambowu sunkavuta pamene akuluakuluwo ankanyamula sutikesi ndi njinga. Unayamba kundiopsa pamene mkulu wina wachipani anatsegula golosale ku Chisi, nayamba kuwolotsa migolo ya parafini ndi matumba a mchere.

"Alamu," ndinawauza tsiku lina, "cholemera chizikhala pansi ndi pakati. Mukachikweza pamwamba pa madengu opanda kanthu, boti silingakhazikike. Izi tinaphunzira m'kalasi."

"Mukunena zoona, alamu," anayankha. "Koma kawauzeni nokha eniakewo. Ine pakamwa panga n'pochepa."

Ndinapitadi, nditavula chipewa, n'kufotokoza mwaulemu wonse. Mkuluyo anaseka kuti anthu amve.

"Aphunzitsi, choko chakutopetsani? Ndiye mukufuna mchere wanga ugone pansi pa madengu onunkha matemba?" Kenaka anatsitsa mawu. "Paja khadi la chaka chino munagula?"

Khadi la chipanilo ndinali nalo m'thumba, koma ndinamva chimene ankatanthauza. Masiku amenewo mphunzitsi wotsutsa mkulu pagulu sankachedwa kuitanidwa kukayankha mafunso. Alamu anga nawonso sakanatha kukana katunduyo, chifukwa mawu amodzi a mkuluyo akanawachotsa padoko. Choncho Loweruka lililonse ndinkanyamula nawo migolo ija ndi manja anga, n'kuiika pamalo amene ndinkadziwa kuti ngolakwika.

Tsiku limenelo migolo inachuluka kuposa masiku onse. Anayala matabwa pamwamba pa mipando, n'kuimika migolo pamenepo, matumba a mchere m'mbali. Pansi panali madengu ndi mphasa zokhazokha. Ndinanong'oneza amayi ena a makanda kuti adikire boti lina. Angapo anatsika, ena anati aphunzitsi mantha awachulukira. Ndinapempha kuti migoloyo aigoneke, kapena aimange ndi chingwe, koma mkuluyo anati parafini angadonthe ndipo dzuwa likukwera.

Boti linanyamuka likupendekera uku ndi uku, alamu anga akulikankha ndi nsungwi pang'onopang'ono pakati pa njedza, udzu wautali womera m'madzi. Ine ndinatsala pamtunda, mkuluyo ali pambali panga. Litafika pothera njedza, pomwe limakhotera kuloza ku Chisi, mgolo umodzi unatsetsereka, inzake n'kuutsatira, ndipo boti linagona chammbali mosafulumira, madzi n'kulowa.

Palibe anamira, pakuti chaka chimenecho nyanja inali itaphwa ndithu, madzi akulekeza m'chifuwa. Anthu anatuluka akuyenda m'matope, atasenza ana. Koma migolo inali itathyola matabwa a mbali yonse, ndipo boti linatitimira m'thope, n'kungotsala mphuno yokha ikuoneka.

Alamu anga anatuluka pomalizira, nsungwi ikadali m'manja. Anadutsa mkuluyo osamuyang'ana, n'kudzaima pafupi nane, zovala zikudontha.

"Munanena, alamu," anatero motsitsa. "Tsogolani mukawauze achemwali anu. Ine sindikudziwa poyambira."