Filofteia ndi Zala za Amuna a Mumgodi

Filofteia Bârsan anakulira ku Lupeni, ndipo utsikana wake wonse anauthera m'chipinda cha nyali pa mgodi wa malasha. Amuna akamalowa pansi ankawapatsa nyali, akamatuluka n'kuzilandira. Ankawazindikira poona manja, poti nkhope zinkatuluka zili bii, zofanana zonse.

Mgodi utatsekedwa, anakhala pakhomo ngati anzake. Kompyuta anaiphunzira chifukwa chosowa mwana wake wamkazi amene anapita ku Italy kukasamalira nkhalamba. Ankapita ku laibulale kuti azikalankhula naye akuonana nkhope. Ndiye bungwe lina litabweretsa makompyuta oti ochotsedwa ntchito aphunzire kusakira ntchito pa intaneti, woyang'anira laibulale sanayang'ane kutali.

"Anthu amenewa mumawadziwa, komanso amakuopani," anatero kwa Filofteia. "Aphunzitseni ndinu."

Amunawo anabwera akununkha fodya, akubisa manyazi ndi nthabwala. Wolongolola kwambiri anali Zoltan, amene kale ankayendetsa ngolo za malasha.

"Ndiye mayi, ntchito zonse zili m'kabokosi aka? Bwanji osangokagwedeza kuti zigwe?"

"Khala pansi iwe Zoltan. Ukanamakumba ngati mmene umalankhulira, bwenzi tonse tili olemera."

Pakona pankakhala Gherasim Oprean, bambo wachikulire wosalankhulalankhula. Zaka zambiri anagwira makina oboolera miyala, ndipo manja ake anatsala akunjenjemera. Mausi ya kompyuta inkamuthawa. Akati adine apa, chala chinkagwera apo, zonse zimene walemba n'kufufutika.

"Achimwene, si thanthwe ilo, muboola tebulo la eni ake!" anakuwa Zoltan tsiku lina.

Onse anaseka, Gherasim nayenso anaseka. Koma sabata yotsatira mpando wake unali wopanda munthu.

Filofteia anakamupeza kuseri kwa nyumba yawo yosanja, akuwaza nkhuni.

"Mwatithawa, a Gherasim?"

"Musadzivute nane, mayi. Manja awa anatha. Angalembe ntchito ndani munthu amene khofi amatayikira m'njira asanafike pakamwa?"

Filofteia anatola nkhuni ziwiri n'kuzisanja pamulu.

"Mawa mubwere anzanu aja atapita. Mausiyo tiiponya uko."

Anabweradi. Filofteia anamuonetsa kuyendetsa zonse ndi mabatani okhaokha, ndipo pamene chala chakana, ankaika dzanja lake pamwamba pa la bamboyo mpaka litakhazikika. Povuta panali pofotokoza zimene amadziwa m'kalata yofunsira ntchito.

"Ingolembani kuti ndimakumba. Palibenso china," anatero Gherasim.

"Nanga madzi akasefukira pansi paja, mapampu ankakonza ndani? Ine ndinkamva ndili pazenera langa, aliyense akufuula kuti itanani Gherasim."

Bamboyo anayamba kutchula yekha: mapampu, mapaipi, mainjini. Analemba ndi chala chimodzi, lilime lili panja ngati mwana wa sukulu.

Anatumiza kumakampani ambiri, koma chisanu chinafika kulibe woyankha. Yankho loyamba litabwera linali lomukana. Filofteia anada nkhawa kuti athawanso, koma Gherasim analiwerenga kawiri akumwetulira.

"Taonani, anditchula dzina. Ndiye kuti kumeneko kuli munthu ndithu."

Nyengo ya chipale chofewa ili mkati, hotela ina ya kuphiri inalengeza kuti ikufuna munthu wosamalira mapaipi ndi ng'anjo yotenthetsera madzi. Gherasim atatumiza kalata, anamuyankha kuti alankhulane pa kompyuta. Gherasim anafika atavala jekete ya paukwati wake, mabatani osakumana. Filofteia anamukhazika bwino n'kuima pambali. Mwini hotela atayamba mafunso, Gherasim anatulutsa manja amene anawabisa pansi pa tebulo.

"Ndisakunamizeni bwana, manja angawa amanjenjemera. Koma akagwira sipanala amamvera."

Anamulemba ntchito. Lamlungu lake mkazi wake, Sânziana, anabweretsera Filofteia botolo la jamu wa maplamu, n'kumukumbatira.

Chipale chitasungunuka, nthawi ya bungwe lija inatha, nayenso Filofteia ntchito inamuthera. Sanauze ophunzira ake, koma ku Lupeni nkhani sigona. M'mawa wina anapeza imelo yolembedwa ndi zilembo zazikulu zokhazokha:

"MAYI FILOFTEIA KU PETROSANI AKUFUNA MUNTHU WOLANDIRA ODWALA KWA DOKOTALA WA MANO. NDAONA NDEKHA. MUSAOPE INGODINANI APA."

Atadina, kunatseguka tsamba lonena zanyengo. Anaseka mpaka misozi, kenako anapeza kuti misoziyo sikuleka. Anamuimbira foni.

"A Gherasim, mwanditumizira mvula ya mawa."

"Aa! Chala ichi! Dikirani, nambala yawo ndaisunga."

Anamuwerengera nambalayo pang'onopang'ono, kubwereza kuti asaphonye. Filofteia anaimba tsiku lomwelo, ndipo mpaka pano amakwera basi m'mawa kupita ku Petroșani, komwe amalandira anthu atagwira masaya n'kumawalimbitsa mtima.

Loweruka amapitabe ku laibulale, popanda womulipira. Zoltan ntchito sanaipezebe, ndipo nthabwala zake zinachepa. Filofteia amakokera mpando pafupi naye, n'kumuuza kuti atsegule imelo aone ngati kwabwera zatsopano.