Kachipewa ka pa ŵ

Chaka chimene yunivesite yathu inaganiza zoti zolemba zake zonse zizioneka mofanana, ine ndinali wotayipa makalata mu ofesi ya mlembi wamkulu. Kunabwera mayi wina wa ku Lusaka ndi kabuku kosonyeza mtundu wa zilembo umene tonse tinayenera kutsatira. Anati kalata, chikwangwani, ngakhale chidziwitso cha pachitseko cha chimbudzi, zonse zilembedwe ndi zilembo zomwezo, zoonda, zamiyendo itali-itali.

Tinayamba ndi kuchotsa chikwangwani cha pageti chimene bambo wina wa ku Kapata analemba ndi penti kalekale. Sabata yonseyo minibasi zinkapitirira geti n'kukatsitsa ophunzira kutali, poti makondakitala ankazindikira malowo ndi zilembo zonenepa zija.

Vuto lenileni linabwera pokonzekera mwambo wa omaliza maphunziro. Papulogalamu panali nyimbo ya Chinyanja. Nditasindikiza, paliponse pamene panayenera kukhala ŵ panatuluka kabokosi. Zilembo zatsopanozo zinalibe w wovala chipewa.

Mlembi wamkulu, bambo wachikulire amene anaphunzira kumishoni, anayang'ana pepalalo.

"Mayi, bambo anga anaphunzitsa chilembo chimenechi moyo wawo wonse. Sichichoka."

"Ndiye ndingobwereka ŵ wa mtundu wina, bwana."

"Kabuku kakuletsa."

Komiti inakhala masiku awiri. Inagamula kuti tisindikize w wamba, ine ndijambule tizipewa ndi bolopeni. Koma poti tizipewato tinayeneranso kufanana, mphunzitsi wa masamu anaboola kachibowo kooneka ngati kachipewa pa chivindikiro cha pulasitiki, atayeza bwinobwino ndi rula, kuti ndizitsatira.

Ndinajambula kuyambira m'mawa. Pofika masana dzanja linali litazolowera, mutu uli kwina. Ndinaveka chipewa w aliyense amene ndinakumana naye, wa m'mawu a Chingerezi yemwe, mpaka wa m'dzina la mlendo wolemekezeka. Ndinazindikira mapulogalamu atagawidwa kale. Ndinakakhala kumbuyo kwa kwaya.

Mlendoyo anaona dzina lake, n'kuloza ndi chala. Mlembi wamkulu sanaphethire n'komwe.

"Bwana, chimenecho timapereka kwa alendo aulemu okhaokha."

Mlendoyo anakondwa kwambiri. M'mawu ake anathokoza yunivesite chifukwa cha chipewacho, ophunzira n'kuwomba m'manja akuganiza kuti akunena za zipewa zawo zakuda.

Patapita mwezi, sekilitale wa mlendo uja anandiimbira foni. Abwana ake anali atalamula kuti dzina lawo lizilembedwa choncho pa kalata iliyonse, ndipo iye anafufuza pakompyuta masiku atatu osachipeza.

"Amayi, chipewacho chili pa batani liti?"

Ndinamuuza kuti abwere ndi bolopeni yakuda. Anabweradi Lachisanu, tinamwa tiyi, ndipo ndinamubwereka chivindikiro chija. Mpaka lero sanabweze.